Makina alemba, koma amalume akhala pati?

Mlungu uno mu Blantyre, kupatula za mtengo wa shuga, nkhani yagona pa anyamata ndi atsikana a maganyu a pa kompyuta. M'minibasi za ku Ndirande ngakhale pa chiwaya cha tchipisi pa Ginnery Corner akukamba za mnzawo watsopano amene sadya, sagona, komanso sapempha ya thiransipoti. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, aliyense wokhala ndi foni ndi kabandulo ka tsiku limodzi wasanduka mlembi.

Ku Limbe kuli mayi wina wa kashopu kotayipa ndi fotokope amene ankadyera makalata ofunsira ntchito. Masiku ano anthu akubwera kalata ili kale m'foni, akungofuna kupulinta. Koma mayiyo akuti njala sinalowe m'nyumba. Kunabwera mnyamata wofuna ntchito ya ulonda, kalata yake ikunena kuti iye ndi katswiri wotsogolera magulu a anthu, ndipo pansi penipeni panali mzere wa makina womufunsa ngati akufuna kuti asinthe china. Mayiyo anafufuta theka la kalatayo, n'kumufunsa kumene analonderako, n'kulemba zimenezo. Atamuuza mtengo, mnyamatayo anati, "Koma amayi, mwangofufutatu." Iwo anati, "Mwanawe, ukanadziwa chofufuta sukanabwera kuno."

Imene yaseketsa anthu kwambiri ndi ya ukwati wina ku Chilomoni. Akomiti anaona kuti wopanga makadi akudula, ndiye mmodzi wa iwo anati apanga yekha pulogalamu pa foni. Inatuluka yokongola, maluwa m'mbali monsemu. Koma ankhoswe munalibemo. Amalume a mkwatibwi, eni mbumba enieniwo, anawaika kuti alankhule DJ atatha kudzitchula. Ndipo perekaniperekani anamupatsa mphindi 10. Mphindi 10! Aliyense amene anakhalako pa ukwati wa kwathu kuno akudziwa kuti m'mphindi zimenezo ngakhale a kuchikazi amakhala asanathe kusintha ndalama kwa makashiya. Akuti amalumewo ataona pepalalo anangolipinda bwinobwino n'kufunsa nthawi imene basi ya kumudzi imanyamuka pa Wenela. Usiku womwewo akomiti anakagogoda kwa wopanga makadi uja, amene asanayatse n'komwe kompyuta anayamba wafunsa kuti akuchimuna ndi a mpingo uti, mfumu ibwera kapena ituma nduna, komanso ngati m'banjamo muli anthu osalankhulana oti asakhalitsidwe benchi imodzi. Safunsa anadya phula, ndipo mtengo unakwera chifukwa cha changu.

Ine pamenepa ndili kumbali ya wopanga makadi. Zimene anafunsazo palibe amene anazilemba pa intaneti kuti makina akaziwerenge. Iye anazidziwa chifukwa chokalipiridwa ndi azakhali m'maukwati ambirimbiri.

Kufupi ndi MUBAS, kumene kumasonkhana osaka madola pa Upwork ndi Fiverr, mkangano ndi wina. Ena akuti landira ntchito iliyonse, bola mbiri ikule. Ena akuti ntchito zotchipa zolemba tinkhani tifupitifupi zija zinapita kale ndi makina, ndipo wolimbana nazo akungotha bandulo. Mtsikana wina womasulira ndi kukonza zolemba akuti iye amakana ntchito ikangobwera ndi mawu akuti "makina achita kale, iwe ungowongola pang'ono," chifukwa pang'ono ameneyo nthawi zambiri amakhala kulembanso zonse pa mtengo wa theka. Anzake akumunena kuti ndi wonyada. Komabe madzulo ndi yemweyo amene akumubwereka chaja ndi ya minibasi.

Pamenepo sipalephera kutuluka nkhani ya Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anali atagwirizana mtengo wa miyezi ingapo m'makwacha anagwira ntchito yotsalayo akulira chamumtima. Kuyambira pamenepo, akuti, wanzeru amapempha theka la ndalama asanayambe ndipo salola mtengo kugona nthawi yaitali. Pali achimwene ena amene akuwasekabe mpaka pano chifukwa anatumiza ndalama pa foni kwa "bwana wa kunja" kuti awalembetse ntchito. Kalata ya bwanayo inali ya Chingerezi chosalala bwino, chopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Kale wakuba ankagwidwa ndi sipelo, pano naye ali ndi womulembera.

Kwa olemba mapulopozo a mabungwe kukuchokera mbiri yoti wina anapereka chikalata chokhala ndi ziwerengero za anthu a m'boma lina, zooneka zenizeni, pamodzi ndi dzina la lipoti limene anazitengamo. Opereka thandizo atafuna kuliona lipotilo, linasowa, chifukwa silinalembedwepo ndi munthu aliyense. Makinawa akasowa yankho sachita manyazi, amangopeka nkhope ili gwa. Anzake pano aphunzira kutsegula okha kalembera wa 2018 wa National Statistical Office ya ku Zomba, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, n'kuona boma ndi boma asanasayine dzina lawo pansi.

Madala ena opuma ntchito ya utolankhani, amene amasewera bawo pansi pa mtengo ku Chitawira, anafunsa funso limene linakhalitsa anthu chete pang'ono. Iwo anaphunzira kusiyanitsa nkhani yabwino ndi yoipa polemba tizidutswa tating'ono timene mkonzi ankawabwezera titadzaza inki yofiira. Tsono ngati tintchito tating'onoto tatengedwa ndi makina, mwana woyamba lero adzalakwitsira pati kuti aphunzire? Mnyamata wina anayankha kuti iye amayamba walemba yekha, kenako n'kufunsa makina, n'kuona pamene asiyana ndi chifukwa chake. Madalawo anagwedeza mutu kuvomereza, uku akumudyera nkhomo ziwiri.

Kondakitala wina wa ku Bangwe naye waponyapo lake. Akuti wamva kuti kunja kuli galimoto zoyenda zopanda dalaivala, ndipo alibe nazo mantha. Akungofuna adzaone tsiku limene makinawo adzauze mayi wonyamula dengu la tomato ndi nkhuku ziwiri kuti asunthe pang'ono, pampando wa anthu atatu pakhale anayi.