Apuma Ntchito, Koma Pakamwa Sapuma

Wapolisi akapuma pa ntchito amabweza yunifolomu. Wa ku banki amabweza makiyi. Mphunzitsi wa ku yunivesite naye amabweza makiyi a ofesi ndi a nyumba, koma chizolowezi cholankhula ola lathunthu popanda womudula pakamwa amanyamuka nacho. Miyezi yoyambirira mayi a kunyumba amapirira. Kenako adzukulu amayamba kuthawira kuseri kwa khitchini akangomva agogo akuti, "Pankhani ya mbale zosatsukazi pali mfundo zitatu." Pamapeto pake banja lonse limagwirizana kuti bambowa awapezere kopita.

Mu Zomba kopitako kulipo. Kuyambira mu 1973, pamene Chancellor College inasamukira ku Chirunga kuchoka ku Blantyre, tauniyi yakhala ikusunga anthu ophunzira, ndipo ambiri akakalamba sachokamo. Tsono pali kagulu kawo kamene kamakumana Loweruka loyamba la mwezi. Papepala cholinga chake n'chabwino zedi: kucheza, kuphunzitsana, kuyenderana pa matenda ndi pa zovuta. Khomo n'lotsekukira aliyense amene anagwirapo ntchito pa yunivesite, kaya pulofesa, mlembi, wa ku laibulale, dalaivala, wophika kapena mesenjala.

Msonkhano umayamba 9 koloko. Madalaivala ndi amesenjala amafika nthawi isanakwane n'kuyala mipando, poti thupi linazolowera. Mapulofesa amatulukira cha m'ma 10, jekete ili pathupi ngakhale mu Okutobala, ndipo polowa amayang'ana wotchi, n'kuyang'ananso amene akhala kale aja ndi diso lodzudzula.

Anthuwa anadziwana Kamuzu akadali pampando, komabe mwezi uliwonse pamakhala mwambo wodziwana. Apa wapampando amayenda mosamala. Tsiku lina lilime linaterereka, n'kutchula mkulu wina kuti Adokotala. Mkuluyo anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Wapampando, udokotala ndinausiya m'nthawi ya chipani chimodzi. Ndine Pulofesa."

"Pepani, Pulofesa."

"Zilembedwe."

Itafika nthawi ya amesenjala, anangoimirira n'kuti, "Ine ndine uja ndinkakubweretserani tiyi," n'kukhala pansi. Ameneyu yekha ndiye anawomberedwa m'manja.

Kuwerenga zimene anakambirana mwezi watha kumadya ola. Mlembi asanamalize mzere woyamba, amene ankaphunzitsa ziyankhulo amakhala atakweza kale dzanja, akuti mpumiro waikidwa posayenera. Ukatha wa mpumiro umabuka mkangano wa mayina. Paja mu 2021 yunivesite inagawidwa: Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, pamene Bunda inali itapita kale ku LUANAR. Mkulu wina amene anasamukira ku Zomba kutsatira mwana wake salola zimenezi.

"Ine ku MUBAS sindinagwireko ntchito. Ndinapuma ku Poly."

"Nanga Poly yo ili kuti lero, achimwene?"

"Ili mumtima."

Nkhaniyi anaipereka ku komiti yapadera. Komitiyo inakumana, n'kugwirizana kuti pakufunika komiti ina yoona ntchito za komitiyo.

Kenako imafika nthawi ya maphunziro, imene aliyense amaidikira ndi njala, poti aliyense akufuna kuphunzitsa ndipo wofuna kuphunzira palibe. Wolankhula amapatsidwa mphindi 15. Mwezi wina mutu unali Nyanja ya Chilwa. Adokotala a zachilengedwe anafotokoza bwino ndithu kuti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kuti ndi yosaya, kuti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagonanso pamatope. Mphindi 15 zitatha anali akadathokoza wapampando. Ola litatha anati, "Pomaliza," ndipo odziwa anakhazikika bwino pamipando, poti "pomaliza" wa Adokotala amakhala ndi ana ndi adzukulu.

Mafunso nawo ali ndi mwambo wake. Wofunsa amayamba ndi mawu akuti, "Langa si funso kwenikweni," n'kukamba za ulendo wake wa ku Edinburgh, nyengo yozizira ya kumeneko ndi mzungu amene anamuyamikira. Funso lenileni linachokera kumbuyo, kwa mayi amene ankaphika m'kafeteriya, amene lero amapikula matemba ku Kachulu n'kumagulitsa ku Mpondabwino.

"Adokotala, tsono matemba atsika liti mtengo?"

Adokotala anati nkhaniyo ikufunika kafukufuku. Mayiwo anawayankha okha, kutchula mwezi umene asodzi amabwerera m'madzi, nthawi imene msewu wa ku Kachulu umavuta ndi matope, ndi mmene mtengo wa mafuta umalowera m'beseni la nsomba. Mapulofesa awiri analemba mobisa.

Mwezi wotsatira anaitana mdzukulu wa wina kudzaphunzitsa za Airtel Money ndi Mpamba. Apa Pulofesa wa masamu, amene m'masiku ake ophunzira ankanjenjemera akangomva nsapato zake, analephera kusunga manambala anayi m'mutu. Atayesa mpaka foni kutseka, anawalemba pakapepala n'kumata kumbuyo kwa foniyo.

"Agogo, nambala yachinsinsi simata pafoni."

"Iwe, ndinayamba masamu amako asanabadwe."

Kamodzi pachaka gululi limakwera phiri la Zomba kukapitidwa mphepo, pa minibasi, poti mawondo anakana kalekale. Amaima pa damu la Mulunguzi kujambulitsa, kenako n'kupitirira mpaka pa Emperor's View, pamene anaimapo Haile Selassie mu 1965. Pamalo pamenepa munthu amaona tauni yonse pansi, chigwa, ndi phiri la Mulanje kutali kukakhala kopanda nkhungu. Adokotala a mbiri yakale amaimirira kutsogolo, kufulatira zonsezo, n'kuyamba kufotokoza za Ethiopia. Pambali, Pulofesa wa zachuma amakhala ali pa mtsutso ndi mnyamata wogulitsa sitiroberi, kumufotokozera kuti kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sikukhudza chipatso chomera m'phiri momwemo. Mnyamatayo amamvetsera mwaulemu, kenako amati, "Agogo, mugula kapena ndipite kwa azungu awo?"

Kugwa kwa kwachako ndiye kunabala gawo lomaliza la msonkhano, la banki mkhonde. Penshoni ikafika imapeza mankhwala a shuga ndi a BP akuidikira pakhomo, ndiye pofika pakati pa mwezi aliyense amafuna kokongola. Msungichuma anasankhidwa popanda wopikisana naye, ndipo ndi amesenjala aja. Iwo anayamba kuweta nkhumba ndi kumanga timanyumba ta lendi ku Chikanda mabwana awo akadali kalikiliki ndi misonkhano ya ku hotela. Lero ophunzira a pa yunivesite ndiwo amawalipira lendi.

Amesenjala amatsekula kope lawo la chikuto cholimba n'kuwerenga mayina a amene sanabweze ngongole, mokweza, mosathamanga, ndi maudindo onse osasiyapo ngakhale umodzi.

"Pulofesa, mkulu wakale wa dipatimenti, mkulu wakale wa fakote, miyezi itatu."

"Aaa, achimwene, pano tonse ndife amodzi. Za maudindozi tizisiye."

"Munati zilembedwe, bwana."

Pobalalika, ambiri amakwera Sienta ya mkulu amene kale anali dalaivala wa yunivesite, amene tsopano ali ndi galimoto ziwiri zoyenda pakati pa tauni, Matawale ndi Chinamwali. Kale Pulofesa ankakhala kumbuyo yekha, nyuzipepala ili m'manja. Lero amakhalanso kumbuyo komweko, anayi pampando, beseni la matemba lili pamiyendo. Akafika potsikira amasisita matumba onse a jekete, lakumanja, lakumanzere, lam'kati.

"Bwana, ndi ya mwezi watha ija zikhala ziwiri."

"Ndamva, achimwene. Muiike pa ajenda."