Mmene Mungavutikire ndi Ndalama Zanu Zomwe: Malangizo kwa Wopita ku Nyanja ya Tilicho

Ngati ndalama zakuchulukirani mpaka zikukusowetsani tulo, ndipo thupi lanu latenga nthawi lisanamve kuwawa, musade nkhawa, mankhwala ake alipo. Ku Nepal, m'boma la Manang, kuseri kwa mapiri a Annapurna, kuli nyanja yotchedwa Tilicho. Ili pamtunda wa mamita 4,919 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zamchere. Nsomba simungawedzemo. Kusamba simungayerekeze. M'mbali mwake mulibe mtengo woti n'kukhala pamthunzi, ndipo nyengo yozizira madzi ake amauma gwaa. Koma chaka ndi chaka anthu ophunzira bwino, a mabanja awoawo, amakwera ndege, kulipira chilolezo, n'kuyenda masiku angapo wapansi kuti akaime pamenepo mphindi zochepa mano ali gwedegwede. Inunso mungathe, bola mutsate malangizowa.

Choyamba pezani chifukwa chouza anthu. Ahindu amene amapita kumeneko ali nacho chawo chomveka: amakhulupirira kuti iyi ndi nyanja yopatulika imene Kak Bhusundi anafotokozera nkhani ya Rama, choncho kwa iwo ndi ulendo wachipembedzo. Inu mulibe chotero, ndiye muzingonena kuti mukukaona nyanja yapamwamba kwambiri padziko lonse. Si zoona, chifukwa kutsidya kwa malire, ku Tibet, kuli nyanja zoiposa. Koma kuntchito kwanu palibe amene akafufuze, ndipo otsatsa maulendo akhala akunena zomwezo kwa zaka zambiri popanda womangidwa.

Mukafika mu Kathmandu pitani ku Thamel, kumene masitolo a zovala za m'mapiri andandalikana khomo ndi khomo. Gulani jekete yokhala ndi dzina lotchuka pachifuwa pamtengo wodabwitsa kutsika kwake, ndipo musafunse kumene anaisokera. Nsapato nazo zikhale zatsopano, zongotuluka m'katoni. Anthu ozolowera kuyenda amati nsapato uziyambe wazivala milungu ingapo kuti zifewe, koma amenewo ndi anthu osadziwa kukoma kwa matuza. Thuza lakuchidendene limathandiza kuiwala mutu, ndipo mutuwo ukubwera. Musaiwale chilolezo cholowera m'dera lotetezedwa la Annapurna, chija amati ACAP, chifukwa panjira pali malo amene amachiona. Mu 2023 akuluakulu a zokopa alendo m'dzikolo analengezanso kuti mlendo aziyenda ndi wolondolera wovomerezeka. Mtengeni ndithu, mudzafuna munthu womunyalanyaza.

Tsopano nkhani yaikulu, ya liwiro. Kale anthu ankayamba wapansi ku Besisahar, pamtunda wosafika n'komwe mamita 1,000, n'kumakwera pang'onopang'ono motsata mtsinje wa Marsyangdi, kudzera ku Chame ndi ku Pisang, pafupifupi sabata yathunthu asanafike ku Manang. Thupi linkapeza mpata wozolowera. Masiku ano anasema msewu m'mathanthwe, ndipo jipi ikhoza kukutulani ku Manang tsiku limodzi, mafupa ali wekawekawo koma nthawi mutapulumutsa. Mudzi wa Manang uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,500. Kuti mumvetse, nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndipo ndi pamene Malawi yense amathera. Ku Manang anthu amalima mbatatesi ndi kuweta ziweto pamwamba kuposa apo, ndipo inu ndi pamene mukungoyamba kumene.

Madokotala a matenda a m'mapiri amalangiza kuti munthu akadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa tsiku, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi azipumula tsiku lathunthu. N'chifukwa chake alendo ambiri amagona ku Manang kawiri. Inu musatero. Tchuthi chanu ndi chachifupi, komanso kwanu mumathamanga m'mawa uliwonse. Pali kachipatala ka bungwe la Himalayan Rescue Association m'mudzimo, kumene nyengo ya alendo madokotala ongodzipereka amaphunzitsa masana za matendawa, kwaulere. Musapiteko. Akakuuzani zinthu zokhumudwitsa, monga zoti mphamvu za munthu sizimuteteza ku matenda a m'mapiri, ndipo anyamata amphamvu ndi amene amagwidwa kawirikawiri chifukwa miyendo imawafikitsa msanga kumene mapapo sanakonzekere. Agogo oyenda mwakachetechete ndi ndodo zawo ziwiri adzakupitirirani mawa lake inu mutakhala pamwala, koma zimenezo muziona zikafika.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kumva. Mukamakwera mpweya umapepuka, moti pofika kunyanjako mpweya umene mwakoka kamodzi umakhala ndi okosijeni wongopitirira pang'ono theka la amene munthu amapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limayesa kubweza ngongoleyo popuma mofulumira ndi kuthamangitsa mtima, kenako pakapita masiku limachulukitsa maselo ofiira a magazi. Likamanidwa masikuwo limayamba kudandaula: mutu waching'alang'ala, nseru, chakudya osachifuna, tulo osabwera. Apa ndi pamene munthu waulemu wake amaonekera. Wolondolera akakufunsani kuti muli bwanji, muziti muli bwino kwambiri. Mutuwo unamizireni dzuwa, nseruyo inamizireni chakudya cha dzulo. Chifuwa chikayamba, n'kumabanika ngakhale mutangokhala pansi, nenani kuti ndi fumbi, ngakhale kuti mwina ndi madzi amene ayamba kudzadza m'mapapo. Mukayamba kudzandira ngati wochokera kumowa pamene simunalawe, n'kumayankha zosagwirizana ndi funso, ubongo ndiye watupa, ndipo zikatero munthu akhoza kufa pasanathe tsiku. Mankhwala ake odalirika ndi amodzi, kutsika nthawi yomweyo ngakhale usiku, koma kutsika kumachititsa manyazi pagulu, ndiye muyeze nokha chimene chili chachikulu.

Ena amamwa mankhwala a Diamox kuti thupi lizolowere msanga. Amathandizadi, koma amabwera ndi mphatso zake: zala zimanyerenyetsa, zakumwa za gasi zimamveka ngati madzi otsukira mbale, ndipo mkodzo umabwera pafupipafupi. Onjezani malita atatu kapena anayi a madzi amene akukuuzani kumwa pa tsiku, mudzadziwa njira yonse yakuchimbudzi mumdima, pansi pali poterera ndi madzi oundana. Eni dera amakhulupirira supu ya adyo. Imwani yambiri. Kaya imachiza kaya ayi, anzanu a m'chipinda adzakupatsani malo okwanira.

Zogona ndi zakudya sizivuta. M'njira monse muli tinyumba ta alendo, zipinda zogawa ndi matabwa opyapyala moti mkonono wa mnzanu wa ku Germany mumaumva ngati mwagona bedi limodzi. Chipinda n'chotchipa bola muzidya pompo, ndipo pachakudyapo ndi pamene mwini nyumba amabwezera zake. Mukamakwera mitengo nayo imakwera, chifukwa chilichonse chafika pamsana pa munthu kapena pa nyulu. Kutchaja foni mulipira, madzi otentha mulipira, intaneti mulipira ngakhale isagwire. Moto umayaka m'chipinda chodyera chokha, ndipo kumtunda kumene kulibe nkhuni mbaula yake amasonkhezera ndowe zouma za ng'ombe za m'mapiri zija amati yak. Chakudya cha eni dziko ndi dal bhat, mpunga wa mphodza ndi ndiwo zamasamba, ndipo amaonjezera kwaulere mpaka mutakhuta. Onyamula katundu amadya chimenechi kawiri pa tsiku n'kukwera phiri akuimba mluzu. Inu itanitsani pizza. Pamtunda wa mamita 4,000, pamene madzi amawira asanatenthe mokwanira, palibe chinthu chanzeru kuposa kufuna chakudya cha ku Italy kwa mayi wa ku Manang, kenako n'kudandaula kuti sichikufanana ndi chimene munadya ku Rome.

Za wonyamula katunduyu tinenepo pang'ono, chifukwa ulendo wonse wagona pa iye. Amamanga zikwama ziwiri pamodzi, chanu ndi cha mnzanu, makilogalamu 20 kapena kuposerapo, n'kukoleka chingwe pamphumi. Amanyamuka inu mukumwa tiyi, mumamupeza atafika kale, nsapato zake zili zoti inu simungapite nazo ngakhale kumsika. Mudzazireni chikwamacho. Ikanimo mabuku atatu amene simudzawerenga, laputopu, mafuta odzola a m'mawa ndi a usiku. Pojambula muzimuuza kuti asunthe pang'ono, chifukwa anthu kwanu akaona kuti katundu wanu anali pamutu pa wina, mawu oti "ndinagonjetsa phiri" amachepa mphamvu. Nayenso matenda a m'mapiri amamugwira, makamaka ngati kwawo ndi kuzigwa zotentha monga alili ambiri a iwo, koma sanganene, poopa kutaya ganyu. Musamufunse.

Kuchoka ku Manang njira imadzera ku Khangsar ndi ku Shree Kharka, kenako imalowa pamalo amene aliyense wobwerako amawatchula akupukusa mutu. Ndi chiphedi chachitali cha miyala yogumuka, kanjira kake kongokwana mapazi awiri, kumunsi kuli phompho lotsikira kumtsinje. Miyala imagubuduka kuchokera kumtunda nthawi ina iliyonse, makamaka dzuwa likatentha ndi mphepo ikayamba, kapena nkhosa zam'tchire zija amati bharal zikamadutsa pamwamba. Olondolera amati dutsani m'mawa, musaime, maso kumtunda. Koma malowa ndi okongola zedi, ndiye imani pakatikati penipeni, tembenukirani kuphompho, tambasulani dzanja ndi foni. Mukakumana ndi nyulu zonyamula katundu, lamulo ndi loti muime mbali yakuphiri. Kuima mbali yakuphompho kumapatsa chithunzi chabwino, ndipo nyulu ilibe nanu chifukwa, imangodutsa ndi katundu wake wotambalala.

Usiku womaliza mudzagona pa Tilicho Base Camp, mamita oposa pang'ono 4,100. Kugona ndi mawu chabe. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha adzakudzutsani kuti muyambepo mphepo isanadzuke, tochi pamphumi, madzi m'botolo atayamba kuundana. Kutsogolo kuli chitunda cha mamita pafupifupi 800, njira yokhotakhota, maola atatu kapena anayi a masitepe khumi n'kuima, masitepe khumi n'kuima. Mukafunsa kuti kwatsala patali bwanji adzakuuzani kuti pafupi. Adzanenanso chimodzimodzi pakatha ola.

Kenako nyanja ija imatulukira mwadzidzidzi, ndipo apa sindinama, ndi yokongola. Madzi obiriwira ngati thambo, makilomita pafupifupi 4 m'litali, mbali ina khoma la mapiri oyera limene madzi ake oundana amatsikira mpaka m'nyanjamo. Khoma limeneli ndi limene linaimitsa Maurice Herzog ndi anzake a ku France mu 1950. Ankafunafuna njira yokwerera Annapurna ndi mapu olakwika, ndipo m'malo mwa phirilo anapeza nyanja youma ndi chisanu ndi mpanda wa mapiri umene anautcha Grande Barrière. Anabwerera, n'kukapeza njira kwina, ndipo pa 3 June chaka chomwecho Herzog ndi Louis Lachenal anaima pansonga ya Annapurna, mamita 8,091, anthu oyamba kukwera phiri loposa mamita 8,000. Herzog anabwerako zala zakumanja ndi zakumapazi zitapserera ndi chisanu, ndipo anazidula. Kumbukirani zimenezi pamene mukuvula magolovesi kuti mujambule kanema wachisanu ndi chitatu. M'chaka cha 2000 anthu a ku Russia anafika ndi zida zawo n'kusambira pansi pa madzi amenewa, choncho musadzitame kwambiri, misala yanu ili ndi akuluakulu ake.

Batire ya foni imatha msanga pozizira, ndiye chitani changu. Mwetulirani ngakhale milomo yang'ambika. Kwezani manja m'mwamba. Mukasanza, sanzirani kuseri kwa mwala kumene kamera sikuona. Zikatha apo tembenukani, chifukwa njira yonse ija, ndi chiphedi chogumuka chomwe, ikukudikirani, ndipo potsika ndi pamene mawondo amapereka madandaulo awo.

Ngati mtima sunakhutire, pitirirani ku Thorong La, mpata wa mamita 5,416 umene ambiri amalumikiza ndi ulendowu. Nyengo musaifunse, poti mwezi wa October amati ndi wabwino koposa, kumwamba kuli mbee. Munalinso mu October, chaka cha 2014, pamene namondwe wa Hudhud anachoka kunyanja ya ku India n'kukakhuthula chipale chofewa m'mapiri amenewa, ndipo anthu oposa 40 anafa, alendo pamodzi ndi olondolera ndi onyamula katundu a ku Nepal. Ambiri anafera pafupi ndi mpata womwewu. Wolondolera wanu akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero tisapite, mukumbutseni kuti tikiti yanu ya ndege ndi yosasinthika.

Zikavuta pali helikopita. Imafika msanga nyengo ikalola, ndipo bilu yake ndi ya madola masauzande angapo, choncho onetsetsani kuti inshuwalansi yanu ndi yotchipa ija imene imalekezera pa mamita 3,000, mfundo imene analemba m'timalemba ting'onoting'ono patsamba lomaliza. Mu 2018 boma la Nepal linafufuza ndi kupeza kuti makampani ena ankakweza m'helikopita alendo osadwala kwenikweni kuti adye ndalama za inshuwalansi. Inu simudzafuna chinyengo chotero, chifukwa mukatsata bwino malangizo onsewa mudzakwera mukudwaladi. Chinthu chimodzi chokha musaiwale: ndalama ya wonyamula katundu, ndi kangachepe kapamwamba, mumupatsiretu musanakwere. M'helikopitamo malo ake mulibe, ndipo chikwama chanu chija achitsitsa wapansi.