Kuthetsa Ngongole za Kalabu Popanda Wobweza Tambala

Inu alembi a makalabu a alimi ku Bowe, ndi anzanu a m'mapiri mpaka ku Ntchisi, amene mudalandira laputopu ya pulojekiti n'kutaya kope lakale lija, tcherani khutu. Msonkhano wayandikira, ndipo apampando adzafunsa ndithu kuti ndi angati amene ngongole yawo ya feteleza yapyola malire. Ilipo njira yoyankhira osadana ndi munthu.

Mu Excel muli COUNTIF, kapitawo wowerenga timabokosi tokwaniritsa lamulo limene mwamupatsa. Tinene kuti ngongole za mamembala zili pa B2 kutsika mpaka B60, ndipo malire amene komiti idagwirizana ali pa E1. Mlembi wosaopa kudedwa amalemba chonchi: =COUNTIF(B2:B60,">"&E1). Chizindikiro cha > chili m'kati mwa mitengero, E1 ali panja, ndipo & ndiye nkhoswe yowalumikiza. Kompyuta imapita pa E1, kutenga nambala ili pomwepo, n'kuyeza nayo aliyense. Malire akasintha, paja kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mumangosintha E1 basi, yankho limadzikonza lokha. Kuipa kwake n'koti yankholo limakhala loona, ndipo mwa owerengedwawo muli alamu anu ndi mphwawo wa amfumu.

Inu musatero ayi. E1 mulowetseni m'mitengero momwemo, zikhale ">E1". Apo kompyuta siyang'ananso pa kabokosi kaja. Imayesa kuti mukufunsa za mawu, ndiye nambala zonse imazilambalala n'kukupatsani 0, osadandaula ngakhale pang'ono. Imirirani pansi pa mtengo, konzani jekete, nenani kuti malinga ndi kompyuta, m'kalabu muno mulibe wangongole. Nthungululu zidzamveka mpaka ku Madisi. Angatsutsane ndi makina ndani?

Koma dzanja lisaterereke n'kuloza mzere wa mayina. Kumeneko lamuloli limagwira ntchito motsata alifabeti: a Mwale, a Phiri ndi a Tembo onse alowa m'chiwerengero, pomwe a Banda ndi a Chirwa apulumuka chifukwa B ndi C amabwera E asanafike. Mlandu umenewo ngwa kubwalo, sungathere pa kalabu.

Mdani wanu weniweni ndi mwana wa Folomu 4 amene amakonda kusuzumira paphewa. Akabwezeretsa & uja, musataye mtima. Ngongole za anthu ofunika zilembeni mwaulemu, ndi K kutsogolo, monga K85,000, za ena onse zikhale manambala okhaokha. Kwa Excel, chilichonse choyamba ndi K ndi mawu, ndipo COUNTIF wofuna nambala sachiwerenga. Chokuululani n'chimodzi: mawu amatsamira kumanzere kwa kabokosi, nambala kumanja. Choncho mwanayo asanafike, sankhani mzere wonse, muuike pakati, mumuuze kuti mumakonda zaudongo.