Kalumo Kakuthwa Kafika pa Kanengo

Makolo adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ankanena mlendo wakale, wofika wapansi fumbi lili mbuu m'miyendo, amene ankapeza mudzi ukukangana za mbuzi imodzi kwa milungu itatu, iye n'kumasula mlanduwo asanatsirize n'komwe chikho cha thobwa. Mlendo wa lero amatera pa bwalo la ndege la Kamuzu, kalumo atamulanda kale achitetezo kwawo komweko. Amafika ndi kamera, chipewa chotambalala ndi botolo la madzi, ngati kuno zitsime zidauma.

Alamu anga ndi operekeza alendo pa loji ina cha ku Liwonde. Akabwera kwathu ku Area 25, nsima imazizira m'mbale. Amatiuza kuti bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, kuti mikango idabwezeredwamo mu 2018, kuti njovu 263 zidasamutsidwa kupita ku Kasungu mu 2022, zina zitapita kale ku Nkhotakota. Ine ndimangoti "oo". Njovu zikusamuka pa lole yaulere, ine zaka khumi ndili m'nyumba ya lendi yomweyo.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi adandipeza ndi azungu awiri, bambo ndi mayi ake a kunyumba.

"Alamu, ndege ya anthuwa ndi ya mawa, ndipo ine malungo andithyola mafupa. Tawayendetsaniko."

"Ndiwayendetse kuti alamu? Kuno n'ku Kanengo, kuli mafakitale okhaokha."

"Pulogalamu ndi imodzi kulikonse: nyama, kachisi, mudzi. Chilichonse chimene mwaona, lozani ndi chala, tsitsani mawu, muwauze kuti ali ndi mwayi."

Tidayamba ndi nyama. Pa siteji ya mumsewu wa M1 ndidaimika alendo anga, chala pakamwa. Pansi pa mtengo padagona gulu la akabaza, maso ali gwa pa aliyense wonyamula chikwama. Ndidanong'ona kuti awa amasaka m'magulu, ndipo mvula ikangowaza mtengo wawo umakwera. Posakhalitsa oitanira minibasi atatu adagwira mayi mmodzi, wina mkono, wina thumba, wina mwana. "Muli ndi mwayi," ndidatero. "Ku Liwonde mutha kukhala mlungu wathunthu osaona mikango ikukhadzula." Kutsogoloko malole a fodya adandandalika mdondo ngati njovu zopita kumadzi, madalaivala atayala mphasa kunsi kwake. Nyama yam'tchire yeniyeni imene tidakumana nayo inali mbewa zopanidwa pa kamtengo. Mayi uja adatsala pang'ono kulira. Bamboyo adagula ziwiri, n'kufunsa ngati pali tsabola.

Za kachisi zidandivuta poyamba. Alamu amakamba za ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, kumene Makewana ankapempherera mvula, koma mafuta a galimoto sakadatifikitsa kumeneko. Mwayi wake mayiyo adaloza yekha nkhokwe zazitali za chimanga zija zimaonekera kutali, n'kufunsa ngati ndi malo opembedzera. Ndidavomera ndi mtima woyera, poti chaka cha njala dziko lonse limayang'ana kumeneku popemphera. Kenaka ndidawaonetsa okushoni. Ndidati umu mabelo amafoledwa mizeremizere, ogula amayenda pakati pake mwaulemu ngati akulu a mpingo, ndipo mlimi amene wathyola, kusoka ndi kudinda fodya miyezi yonseyi amaima pambali milomo ikugwedera. Pemphero la mlimi wa bale pa mphindi imeneyo silifuna kwaya. Bamboyo adavula chipewa.

Mudzi tidaupeza ku Mgona, kumene mtedza umagulitsidwa ndi matumba, amayi n'kumasankha tsiku lonse pa ganyu. Apongozi anga adali pomwepo, lichero pamiyendo. Ndidanjuta patali, monga mwa mwambo, n'kufotokoza kuti alendowa akufuna kuyesako ntchitoyi ndipo alipira.

"Alipira iwo? Osati ine?"

"Iwo, mayi."

Apongozi adayang'ana kumwamba, adayang'ana azungu, kenaka adakoka thumba lina. "Auzeni abwere mawa ndi anzawo. Atsala matumba atatu."

Mayi wachizungu adamangidwa chitenje, adakhala pansi miyendo tambalale, adasankha mtedza ola lathunthu akusekerera, n'kulipira ndalama yoposa ya ganyu wa tsiku lonse. Apa ndidati mwambi uja watembenuka. Mlendo amabweradi ndi kalumo, koma wometedwa ndi iye mwini, ndipo amathokoza, ndipo amajambula.

Madzulo tikumwa zoziziritsa kukhosi, bamboyo adandifunsa mwaulemu: "Inu mwa nyama zonse za ku Liwonde, imakusangalatsani kwambiri ndi iti?"

Botolo lidaima pakamwa. Mkango ndi kambuku ndimaziona pa chizindikiro cha boma. Mvuu ndidaiona m'buku la sitandade 3. Ndidayesa kuti kumeneko n'kutali, mafuta adula, zimenezo n'za azungu. Mayiyo adatsegula foni, n'kundionetsa zithunzi za dzulo lake: nkhalango, mtsinje, mbalame zamitundumitundu. Ndidafunsa kuti n'ku dziko liti. Kunali ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa Lingadzi, pakatikati pa mzinda, malo amene ndawadutsa pa minibasi kosawerengeka ndikukangana ndi kondakitala za chenje. Munthu wawoloka nyanja, wakhala m'ndege usiku wonse, kudzandiuza za mtengo wa kuseri kwa nyumba yanga. Ndidagwira kumutu, ndidapeza mpala. Kalumo kaja achitetezo sadakaone.

Loweruka lotsatira ndidasambitsa ana, ndidavala nsapato za ku tchalitchi, tidapita. Ndidalipira pakhomo ndi ndalama imene azungu aja adandisiyira. Titalowa m'kanjira ka m'nkhalango, nthambi zidagwedera, ndipo ndidapezeka ndaloza ndi chala, mawu nditatsitsa: "Ana inu, muli ndi mwayi." Pa nthambi padakhala pusi, akutiyang'ana mopanda mantha, mtundu womwe uja bambo ankandidzutsira m'bandakucha kuti ndikaugende m'munda wa chimanga, ndipo ukadyako chikoti chinkagwa pa ine. Lero ndavalira jekete kudzamuona. Mwana wanga wamng'ono adandikoka dzanja: "Adadi, ameneyu si uja amaba kwa agogo?" Ndidamuuza atsitse mawu, poti kumbuyo kwathu kunkabwera alendo.