Khadi yomwe inalephera kukwera matatu

Mu 2013 kampani ya Google, mogwirizana ndi banki ya Equity, inabweretsa mumzinda wa Nairobi khadi yolipirira ulendo yotchedwa BebaPay. Wokwera matatu, omwe ndi maminibasi a ku Kenya, ankangogunditsa khadiyo pa foni ya kondakitala, ndalama n'kuchoka yokha. Mkangano wa chenji unayenera kuthera pomwepo, mwini galimoto n'kumaona shilingi iliyonse ali khale kunyumba. Nalo boma linalamula kuti mu 2014 ndalama zapamanja zilekeke m'matatu.

Akatswiri opanga khadiyo anawerengera zonse, kupatula munthu wolendewera pachitseko uja, amene amapinda ndalama zamapepala m'litali n'kuzipana pakati pa zala. Dalaivala ndi kondakitala amapereka kwa mwini galimoto ndalama yomwe anapangana pa tsiku, yotsalayo ndi yawo. M'menemo ndi momwe mumachokera ya mafuta, ya oitanira pa siteji, komanso kangachepe ka bwana wovala yunifomu amene waimika galimoto kuti aone ngati matayala ali bwino. Tsoka lake, khadi sipindika kuti ilowe mu laisensi.

Posakhalitsa makina anayamba kudwaladwala. Lero batire latha, mawa netiweki yathawa, ndipo matendawa ankakula kwambiri nthawi yoweruka, mtengo ukakwera. BebaPay inatsekedwa mu 2015. Masiku ano okwera ambiri amalipira pa foni kudzera pa M-Pesa, kawirikawiri ku nambala ya kondakitala yemweyo.

Koma ku Kigali, kumene mabasi anali m'manja mwa makampani ochepa, khadi ya Tap&Go inakhazikika ndithu.