Chirasta cha ku Rivirivi

Chirasta cha ku Rivirivi, m'boma la Balaka, chilipo cha mitundu iwiri. Choyamba chinachokera ku Jamaica: eni ake amalemekeza Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia imene inafika ku Zomba mu 1965, sadya nyama, sameta, ndipo ulamuliro wopondereza amautcha Babulo. Chachiwiri chinachokera ku Lilongwe mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mlembi wa danga lino ndi wa mtundu wachiwiriwu.

Zizindikiro zake n'zofanana. Nyama anaisiya, yamulaka. Tsitsi linayamba kupotana lokha wometa atakweza mtengo. Mchere, umene marasta ambiri amaupewa chaka chonse, iye amaupewa kuyambira pa 20 mwezi uliwonse.

Mitundu iwiriyi imakumana ku Chileka, kumene gulu la Black Missionaries limachita chikumbutso cha woimba Evison Matafale kumapeto kwa chaka. Mlembi anafikako pamwamba pa lole, atakhalira matumba a makala. Mbendera zofiira, zachikasu ndi zobiriwira zinali petupetu, utsi uli tolotolo, bezi ikugunda pamtima. Woimba Anjiru Fumulani akati "Jah!", bwalo lonse linkayankha "Rastafari!", kupatula mlembi amene m'mimba mwake munkayankha zina. Marasta enieni anamugwira chanza, namutcha Ras, namuyamikira kuti thupi lotere ndi la munthu wosala zadziko. Sanawatsutse. Anthony Makondetsa atakwera pansanja, oimba n'kutchula za kugwa kwa Babulo, mlembi anadumpha kuposa onse, poganiza kuti akunena mayi wa katapila wa kumsika kwawo.

Kusiyana kulipo kumodzi, ndipo sikoseketsa. Matafale anamwalira pa 27 Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula Pulezidenti Bakili Muluzi. Ana a marasta ankabwezedwa pakhomo la sukulu zaboma chifukwa cha tsitsi lokha, mpaka bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula mu Meyi 2023 kuti azilandiridwa. Dziko limene linkavina nyimbo za anthuwa usiku wonse, kutacha n'kukaniza ana awo kulowa m'kalasi, liyenera kuchita manyazi.

Chirasta cha mlembi sichifika pamenepo. Chidzatha tsiku limene kanyenya adzatsike mtengo. Pakali pano tsitsi lafika m'mapewa.