Ng'oma yopanda chikopa

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ankadziwa zomwe ankanena, pakuti ng'oma yawo inali mtengo wogoba ndi chikopa cha nyama, yofunika kuiwamba pamoto ndi kuimata phula kuti ilire bwino. Woyimba akatengeka ndi nthungululu za amayi n'kuwonjezera mphamvu, phwaa! Gule wathera pomwepo, aliyense kwawo. Mwambiwu unkadzudzula odzitama ndi otchuka msanga. Kungoti akuluakuluwo sanakumane ndi anyamata a ku Durban.

Kumeneko, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, anyamata a m'makomboni anayamba kusema ng'oma zawo m'kompyuta, pa pulogalamu ya FL Studio, n'kubala nyimbo za gqom. Palibe ng'ombe inafapo. Tamverani "Ice Drop" ya DJ Lag, mnyamata wa ku Clermont, yomwe inatuluka mu 2016 kudzera ku Goon Club Allstars ya ku London. Pansi pake pali kulira kumodzi kokoka, kwamdima, ngati mvula yogunda kuseri kwa phiri koma yokana kugwa. Pamwamba pake ng'oma zimatsimphina dala. Pomwe phazi likufuna kuponda pali zii, ndipo mukati mupumeko, du! yakugwerani pamsana. Mawu a munthu alimo, koma oduladula, ongokuwa. Wofuna uthenga apite ku kwaya. Ine ndimaikondera kuuma mtima kumeneko: sikunyengererani, sikusekererani, koma mapewa amayamba okha kugwedezeka mwini wake asanavomere.

Tsono ng'oma imeneyi mungaimenye usiku wonse, singang'ambike. Ilibe pong'ambikira. Mwambi utaona choncho sunafe, unangosamuka n'kukagwira ena osalakwa. Woyamba kuphedwa ndi sipika. Gqom inafalikira kwambiri m'maminibasi a ku Durban, momwe dalaivala wa phokoso lalikulu ndiye ankakopa achinyamata, ndipo opanga nyimbo ankayesera dala ntchito yawo m'menemo. Galasi likanjenjemera, ndiye kuti nyimbo yapsa. Agogo amene akhala pampando wakumbuyo, pamwamba penipeni pa sipika, amafika kwawo atawongoledwa msana kwaulere. Chachiwiri kung'ambika ndi ubale wa anthu oyandikana nyumba, ndipo umenewo phula sagwira.

Oikira kumbuyo makolo ali ndi potsamira. Amati taonani, cha m'ma 2019 kunabwera mtundu wina wa nyimbo, amapiano, ofatsa ndi ovala bwino, n'kulanda bwalo, gqom n'kubwerera kumbuyo. Si kung'ambika kumeneko? Mwina. Koma ng'oma yong'ambikayo inali itamveka kale mufilimu ya Black Panther mu 2018, mwa "Wololo" ya Babes Wodumo, ndipo mu 2019 momwemo DJ Lag anathandiza kukonza "My Power" pa chimbale cha Beyoncé. Ngati kung'ambika n'kotero, oyimba ambiri akupemphera kuti nawonso awang'ambe.

Mdani mmodzi yekha amene gqom imamuopa ndi kuzima kwa magetsi, komwe anthu a ku South Africa akudziwa bwino monga ifenso. Akangozima, komboni yonse imati phee, makanda amagona, abambo a nyumba yoyandikana amayamika Mulungu n'kufunda bulangeti. Kenaka kuseri kwa mpanda kumamveka mnyamata akukoka chingwe cha jenereta, mnzake akufunsa ngati mafuta afika mpaka m'mawa.